Chikwapu pa mpikisano wa mahatchi: lamulo limalola zikoti zingati?

Mpikisano wa mahatchi ndi amodzi mwa masewero ochepa amene wosewera amaloledwa kumenya nyama khamu la anthu likuona, kenako n'kulandira chikho. Chifukwa cha ichi, maiko amene kumachitika mipikisanoyi adakhazikitsa malamulo onena za mtundu wa chikwapu chololedwa, malo a pathupi pamene chingagwe, ndi kuchuluka kwa zikoti zimene hatchi ingalandire kuchokera poyambira mpaka pomalizira. Malamulowa ndi osiyana dziko ndi dziko. Lamulo la 2019 lidalola kuti hatchi yothamanga ku Durban ikwapulidwe zikoti 12 popanda wokwerayo kuzengedwa mlandu. Ku Newmarket, m'dziko la Britain, malire ndi zikoti 6. Ku Germany ndi 3, pamene ku Norway kukwapula hatchi kuti ithamange n'koletsedwa kotheratu.

M'Malawi mulibe mipikisano yokhazikika ya mahatchi, ndipo mulibe bungwe loiyang'anira. Koma chikwapu chilimo, ndipo chimagwera ng'ombe ndi abulu, kuyambira m'misewu ya fumbi ya ku Mchinji ndi Dedza mpaka m'madambo a nyanja ya Chilwa moyang'anizana ndi chilumba cha Chisi. Zimene eni mipikisano apeza pa zaka zimene akhala akukangana za chikwapu zikukhudza mwini ngolo aliyense, ngakhale amene sadaonepo hatchi chibadwire.

Chikwapu chake n'chotani

Chikwapu cha pa mpikisano masiku ano si chikoti cha chikopa. Ndi kandodo kopepuka, kopindika, kamene kumapeto kwake kuli mbali yophwatalala yokutidwa ndi siponji. Ku Britain chikwapu cha mtunduwu chidakhala chokakamiza m'chaka cha 2004 pa mipikisano yodumpha mipanda, ndipo mu 2007 pa mipikisano ya pabwalo lopanda zodumpha. Sichiloledwa kutalika kupitirira masentimita 70 kapena kulemera kupitirira magalamu 160. Okonda masewerowa amati chikwapu choterechi chimangochita phokoso lodzidzimutsa hatchi, sichipweteka. Otsutsa amayankha kuti siponji ili kumapeto kokha, ndipo zithunzi za kanema zoyendetsedwa pang'onopang'ono zimaonetsa kuti nthawi zambiri mbali yolimba ya ndodoyo nayo imafika pakhungu.

Malamulo amasiyanitsa ntchito ziwiri za chikwapu. Yoyamba ndi yoteteza: hatchi yolemera pafupifupi theka la tani, yothamanga liwiro loposa makilomita 60 pa ola, ikayamba kukhotera kwa inzake kapena ku mpanda, wokwerayo ayenera kukhala ndi njira yoibwezera. Ntchito imeneyi palibe dziko limene limaitsutsa kwenikweni. Yachiwiri ndi yofulumizitsa hatchi kuti ipambane, ndipo mkangano wonse uli pamenepa.

Chaka cha 2011 ndi kukhwima kwa malamulo

Kwa zaka zambiri oyang'anira mipikisano ku Britain adali ndi ufulu waukulu poweruza ngati wokwera hatchi wapyola muyezo. Zinthu zidasintha mu 2011 chifukwa cha mipikisano iwiri imene anthu mamiliyoni adaonera pa kanema.

Woyamba udali Grand National, umene umachitikira ku Aintree pafupi ndi mzinda wa Liverpool. Chaka chimenecho mpikisanowu udali wa mtunda woposa makilomita 7. Mahatchi awiri adafera pabwalo. Imene idapambana, Ballabriggs, idafika pomalizira itatheratu mphamvu moti idafunika kuthiridwa madzi ndi kupatsidwa mpweya, ndipo wokwerapo, Jason Maguire, adaimitsidwa masiku 5 chifukwa choikwapula mopitirira. Patangotha miyezi iwiri, ku Royal Ascot, katswiri wodziwika dziko lonse Frankie Dettori adakwapula hatchi yotchedwa Rewilding zikoti 24 chakumapeto kwa mpikisano. Adapambana, adaimitsidwa masiku 9, koma chikho ndi ndalama zidapita kwa eni hatchiyo monga mwa nthawi zonse.

Apa m'pamene padaonekera chilema cha malamulo akale. Ngati mphoto ya mpikisano ndi yaikulu kuposa chilango, wokwera hatchi wochenjera amangowerengera: kukhala pakhomo sabata imodzi n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kuluza chikho chimene mwina sadzachipezanso moyo wake wonse.

Mu October 2011, bungwe loyang'anira mipikisano m'dzikolo, British Horseracing Authority, lidalamula kuti zikoti zisapitirire 7 pabwalo lopanda zodumpha ndi 8 pa mipikisano yodumpha, ndiponso kuti pa mamita 200 omaliza zisapitirire 5. Wophwanya lamuloli ankalandidwa gawo lake la mphoto. Okwera mahatchi adakwiya. Richard Hughes, mmodzi mwa akatswiri a nthawiyo, adabweza chiphaso chake ataimitsidwa kawiri m'masiku ochepa. Christophe Soumillon, amene adachokera ku France kudzapambana mpikisano wa Champion Stakes ku Ascot, adalandidwa ndalama zoposa mapaundi 50,000 chifukwa cha chikoti chimodzi chowonjezera pa mamita omaliza. Pasanathe milungu iwiri bungwelo lidafewetsa lamulolo, lidachotsa malire a mamita omalizawo, ndipo Soumillon adabwezeredwa ndalama zake. Koma mfundo yoti zikoti ziziwerengedwa idakhazikika, ndipo sidachokenso.

Malamulo a 2023

Vuto la kupambana mophwanya lamulo lidabweranso poyera mu 2022, pamene Sam Waley-Cohen adapambana Grand National pa hatchi yotchedwa Noble Yeats. Adapezeka kuti adakwapula mopitirira ndiponso pamalo olakwika, ndipo adapatsidwa chiletso cha masiku 9 ndi chindapusa cha mapaundi 400. Chiletsocho chidalibe ntchito, pakuti mkuluyu adali atalengeza kale kuti umenewo ndi mpikisano wake womaliza.

Malamulo amene akugwira ntchito ku Britain adayamba mu February 2023 pa mipikisano yodumpha ndi mu March chaka chomwecho pa inayo. Malire adatsikira pa zikoti 6 pabwalo lopanda zodumpha ndi 7 pa yodumpha. Chachikulu kuposa chiwerengerocho n'chakuti wokwera akapyola malire ndi zikoti 4 kapena kuposerapo, hatchiyo imalandidwa malo amene yapeza, kutanthauza kuti mwini hatchi ndi mphunzitsi wake nawonso amaluza. Pa mipikisano ikuluikulu masiku a chiletso amawirikizidwa kawiri.

Kupatula chiwerengero, palinso zoletsa zina zimene anthu sazitchula kawirikawiri, chonsecho ndi zimene zili ndi nzeru yambiri. Wokwera saloledwa kukweza mkono kupitirira phewa pokwapula. Chikwapu chiyenera kugwa pa matako a hatchi, osati m'nthiti, pamimba kapena kumutu. Akakwapula kamodzi ayenera kuipatsa hatchiyo mpata wa masitepe angapo kuti iyankhe asanabwereze. N'koletsedwa kukwapula hatchi imene yatsalira kutali moti singapezenso malo, imene yatsogola kwambiri moti palibe ingaipitirire, imene yadutsa kale pomalizira, kapena imene ikuoneka kuti siikuyankha. Dokotala wa ziweto akapeza mkwingwirima pakhungu, umenewo ndi mlandu pawokha, kaya zikotizo zidali zingati.

Poyamba bungwelo lidafuna kuti okwera azikwapula chogwira chikwapu chozondotsa, njira imene imachepetsa mphamvu ya mkono. Okwerawo adadandaula kuti ambiri a iwo adavulalapo mapewa ndipo sangathe kutero. Bungwelo lidavomera kusiya mfundoyo, koma m'malo mwake lidachotsa chikoti chimodzi pa chiwerengero chakale.

Milandu ya chikwapu imaunikidwa ndi komiti yapadera imene imaonera kanema wa mpikisano n'kuwerenga chikoti chimodzichimodzi. Hatchi yoyamba kulandidwa malo idali Lunar Discovery, imene idafika yachiwiri ku Ayr mu February 2023. Nkhani imene idasokoneza anthu kwambiri idachitika mu October 2024 pa mpikisano wa Cesarewitch ku Newmarket. Hatchi ya ku Ireland, Alphonse Le Grande, idapambana ndi kampata kochepetsetsa. Patatha masiku atatu komiti idawerenga zikoti 10 ndipo idapereka chipambano kwa Manxman imene idali yachiwiri. Mwezi wotsatira, pa apilo, oweruza adapeza kuti chimodzi mwa zikotizo sichidayenera kuwerengedwa chifukwa cha mmene chikwapu chidakhudzira hatchiyo, choncho zidatsala 9, ndipo chipambano chidabwezedwa. Anthu amene adabetcha pa Manxman sadapeze kanthu nthawi zonse ziwiri, kupatula amene makampani ena adawalipira mwa chifundo chabe, popeza ndalama za kubetcha zimalipidwa potsata zotsatira za tsiku la mpikisano. Lamulo lowerenga lili ndi ubwino woti aliyense akhoza kulimvetsa, koma limasandutsa funso la nkhanza kukhala mkangano wa maloya wofuna kudziwa ngati nsonga ya chikwapu idakhudza ubweya kapena ayi.

Maiko ena, ndi kuno kummwera kwa Africa

Norway ndiyo idatsogola. Idaletsa kukwapula hatchi pofuna kuifulumizitsa mu 1982, ndipo kuyambira 2009 pa mipikisano yambiri okwera saloledwa n'kunyamula chikwapu komwe. Sweden idatsatira mu 2022, kusiya chikwapu kuti chizigwira ntchito popewa ngozi basi. France yakhala ikutsitsa malire pang'onopang'ono mpaka kufika pa zikoti 4 mu 2023, chaka chimene Germany idatsikira pa 3. Owerenga Baibulo akhoza kukumbukira kuti 3 ndi nambala imene Balamu adafika pomenya bulu wake, buluyo asanatsegule pakamwa kudandaula. Ku United States, lamulo la dziko lonse limene lidayamba mu July 2022 limalola zikoti 6, ndipo zosapitirira ziwiri motsatizana hatchi isanapatsidwe mpata.

Australia idasankha njira yachilendo. Kuyambira 2015 wokwera saloledwa kupitirira zikoti 5 asanafike pa mamita 100 omaliza, koma akalowa m'mamita amenewo chiwerengero chimasiyidwa m'manja mwake. Kunena kwina, malire amatha pamene hatchi yatopa kwambiri. Pa Melbourne Cup ya 2020, Kerrin McEvoy adakwapula Tiger Moth zikoti 13 asanafike pa mamita omalizawo, ndipo adalipitsidwa madola 50,000 a m'dzikolo, ngakhale kuti ndalamayi idachepetsedwa pa apilo.

Mipikisano imene ili pafupi ndi Amalawi ndi ya ku South Africa ndi Zimbabwe. Amene adakhalako ku Harare amalidziwa bwalo la Borrowdale Park ndi mipikisano yake ya Castle Tankard ndi OK Grand Challenge, imene imakoka chikhamu cha anthu wamba. Ku Durban, Loweruka loyamba la July limakhala la mpikisano wa Durban July, umene udayamba mu 1897 ndipo umachitikira pabwalo la Greyville pa mtunda wa mamita 2,200. Maiko awiriwa amatsata malamulo a bungwe limodzi, National Horseracing Authority, limene mu 2019 lidaika malire a zikoti 12 pa mpikisano wonse. Chiwerengerochi n'chowirikiza kawiri cha ku Britain. Chodabwitsa n'chakuti dziko lomwelo la South Africa lidayesapo njira ina: mu November 2018 pabwalo la Turffontein ku Johannesburg padachitika mpikisano umene okwera onse adalibe zikwapu. Mahatchi adathamanga, imodzi idapambana monga zimakhalira, ndipo obetcha adalandira zawo.

Kodi chikwapu chimathamangitsadi hatchi?

Funso limeneli ndilo tsinde la nkhani yonse, ndipo kwa zaka mazana palibe amene adaliyesa. Aliyense ankangoona kuti hatchi yopambana imakhala ikukwapulidwa pomalizira, n'kuganiza kuti chikwapucho ndicho chaipambanitsa.

Mu 2011 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Sydney, David Evans ndi Paul McGreevy, adafalitsa kafukufuku wa mipikisano isanu ya ku Australia. Adagawa mamita 600 omaliza m'zigawo zitatu za mamita 200, n'kuyeza liwiro ndi zikoti pa chigawo chilichonse. Adapeza kuti mahatchi ankathamanga kwambiri pa chigawo choyamba, pamene sankakwapulidwa. Pa zigawo ziwiri zomaliza, pamene zikoti zinkachuluka, liwiro linkatsika chifukwa cha kutopa, ndipo kuchuluka kwa zikoti sikunkasintha mwayi wa hatchi wopeza malo. Chimene chinkathandiza kwambiri ndi malo amene wokwera adaiyika hatchiyo chikwapu chisanatuluke. Eni mipikisano adatsutsa kuti mahatchi amene adayezedwa adali ochepa ndiponso kuti ndalama za kafukufukuyo zidachokera ku bungwe loteteza nyama la RSPCA, ndipo mfundo ziwiri zonsezi n'zoona.

Kafukufuku wina wa 2020 adayang'ana ku Britain, kumene kuli mipikisano ya ophunzira imene wokwera amanyamula chikwapu koma saloledwa kufulumizitsa nacho hatchi. Ofufuza adayerekeza mipikisano 67 yotereyi ndi ina 59 ya masiku onse yochitikira pa mabwalo ndi mitunda yofanana. Sadapeze kusiyana kwenikweni pa nthawi yomalizira, pa kukhota kwa mahatchi, kapena pa ngozi. Chaka chomwecho gulu lina, motsogozedwa ndi dokotala wa ziweto Lydia Tong, lidayerekeza khungu la mahatchi ndi la anthu. Khungu la hatchi n'lokhuthala m'kati, koma kachigawo kapamwamba, kamene kali ndi mitsempha yomva ululu, n'kofanana ndi ka munthu pa kukhuthala ndiponso pa kuchuluka kwa mitsemphayo. Izi siziyenera kudabwitsa munthu amene adaonapo ng'ombe ikunjenjemeretsa khungu chifukwa cha ntchentche imodzi.

Okwera mahatchi ambiri sagwirizana ndi zotsatirazi. Amati manambala sangaone zimene munthu amamva ali pamsana pa nyama, ndipo pali mahatchi aulesi amene satulutsa mphamvu zawo zonse popanda kukumbutsidwa. Mwina pa hatchi imodzi kapena ziwiri akunena zoona. Koma umboni umene ulipo ukuloza ku chinthu chimodzi: zikoti zambiri zimagwera nyama imene yatopa kale, pa nthawi imene ilibenso china choti ipereke.

Dziko lopanda mahatchi, koma lodziwa chikoti

Kusowa kwa mahatchi m'Malawi kuli ndi zifukwa zake. Ntchentche ya kashembe, imene imafalitsa kaodzera, idali ponseponse m'zigwa, ndipo palinso nthenda ina ya mahatchi yofalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono toluma madzulo, imene imapha ambiri mwa mahatchi amene yawagwira. Atsamunda atakhazikitsa likulu lawo ku Zomba mu 1891, katundu wawo ankayenda pamitu ya amtengatenga ndipo iwo eni ankanyamulidwa pa machila. Mahatchi ochepa amene adalipo ankasungidwa kumalo okwera ndi ozizira. Dzina la Gymkhana Club ku Zomba, lochokera ku India, limakumbutsa masewero a pa mahatchi amene azungu ankakonda kulikonse kumene ankalamulira. Masiku ano mahatchi amene alipo ndi a m'mafamu ndi okweza alendo okaona malo.

Ntchito imene kwina inkagwiridwa ndi hatchi kuno inkagwiridwa ndi munthu, ndipo chikwapu nacho chidatsata momwemo. Chikoti cha chikopa cha mvuu chidali chida cha akapitawo m'minda ya atsamunda nthawi ya thangata. Komiti yofufuza za kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915 idamva madandaulo a kukwapulidwa kwa antchito pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Makhoti adapitiriza kugamula zikoti kwa zaka zambiri, mpaka malamulo aakulu a dziko a 1994, pa gawo 19, adaletsa chilango cha kukwapula pa mlandu uliwonse woweruzidwa ndi boma. Pa munthu, funso la zikoti zingati lidayankhidwa kale m'Malawi. Pa chiweto silidafunsidwe n'komwe.

Lamulo la Malawi likuti chiyani

Lamulo loteteza nyama, Protection of Animals Act, lili pa mutu 66:01 wa malamulo a dziko lino. Silitchula chiwerengero cha zikoti kapena mtundu wa chikwapu. Limaletsa kumenya nyama mwankhanza, kuipondereza, kuithamangitsa mopitirira muyezo, kuisenzetsa katundu woposa mphamvu zake, kuizunza kapena kuiopseza, ndipo mwini chiweto amene walola kuti wantchito wake achite zimenezi nayenso ali ndi mlandu. Mawu ake adatengedwa ku lamulo la ku Britain la 1911, dziko lomwelo limene lero likuwerenga zikoti pa kanema.

Lamuloli limagwira ntchito paliponse, ngakhale kumalo kumene hatchi sidapondeko. Chisi, chilumba chachikulu pa nyanja ya Chilwa m'dera la mfumu Mkumbira, chimafikika pa bwato kuchokera padoko la Kachulu. Katundu wa kumeneko, kaya ndi matemba, makumba, milamba kapena ufa, amayenda pa bwato, pa njinga ndi pamutu. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, choncho mvula ikavuta imaphwa, monga zidachitikira mu 1968 ndi 1995, ndiponso mbali yaikulu mu 2018. Nsomba zikasowa, mabanja a m'mbali mwa nyanja amatsamira pa mpunga ndi ziweto, ndipo ng'ombe zimene zimadya m'madambo a Chilwa zimasanduka nkhokwe ya banja. M'chaka chotero msipu ndi madzi zimakhala kutali, ziweto zimayenda mitunda italiitali zili zowonda, ndipo mbusa, amene kawirikawiri amakhala mnyamata wamng'ono, amafuna kufika kunyumba dzuwa lisanalowe. Ng'ombe yotsalira m'mbuyo chifukwa cha njala imalandira zikoti zambiri kuposa zinzake zonse. Palibe kamera yowerenga, ndipo woweruza yekhayo ndi mwini khola akaona mikwingwirima m'mawa.

Pamenepa m'pamene zoletsa zina za ku mipikisano zili ndi phindu kuposa chiwerengero. Kusamenya kumutu ndi m'nthiti, kupereka mpata kuti nyama iyankhe, kusiya kukwapula imene yaoneka kuti siingathenso, ndi kuona chilonda ngati umboni wokwanira wa nkhanza: zonsezi zikhoza kuikidwa m'malamulo a m'mudzi kapena a komiti ya alimi a ziweto popanda kudikira Nyumba ya Malamulo. Oyendetsa ngolo odziwa ntchito amazitsata kale osazilemba. Ng'ombe zawo zili ndi maina, zimamva mawu ndi likhweru, ndipo chikwapu chimalira m'malere osakhudza khungu. Akatswiri a khalidwe la ng'ombe amaonjezera mfundo ina yosavuta: ng'ombe imapita kutsogolo munthu akaima kumbuyo kwa phewa lake, ndipo imabwerera m'mbuyo akaima kutsogolo kwa phewalo. Mbusa woima kumaso kwa ng'ombe n'kumaikwapula kuti ipite kutsogolo akuiuza zinthu ziwiri zotsutsana pa nthawi imodzi.

Pali ndi mbali ya ndalama. Bala la chikwapu limaitana ntchentche ndi mphutsi, ndipo ng'ombe ya chilonda pakhosi kapena pamsana imalephera kulowa m'goli pa nthawi yolima, pamene sabata imodzi yochedwa imachepetsa zokolola. Chikopa chokhala ndi zipsera chimatsika mtengo. Nyama ya ng'ombe yomenyedwa popita kokaphedwa imakhala ndi magazi oundana, ndipo woyeza nyama amadula mbali zoterozo n'kuzitaya.

Bulu ndi goli la ng'ombe

Wachibale weniweni wa hatchi m'Malawi ndi bulu, ndipo abulu achuluka m'maboma a chigawo chapakati monga Lilongwe ndi Dedza, kumene amakoka ngolo za njerwa, mchenga, nkhuni ndi chimanga. Bungwe loona za umoyo wa nyama pa dziko lonse, limene Malawi ndi membala wake, lidavomereza mu 2016 mfundo zosamalira mahatchi, abulu ndi nyulu zogwira ntchito, ndipo mwa zina mfundozo zimalimbikitsa kuti eni ziweto aphunzitsidwe kusiya zikwapu ndi ndodo. Kuno bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene lidayamba mu 2008, lakhala likuyendera eni abulu m'midzi yozungulira likulu kukapereka mankhwala ndi maphunziro.

Chimene madokotala a ziweto amapeza kawirikawiri n'chakuti bulu amene amatchedwa wamakani amakhala kuti akumva ululu. Ngolo zambiri m'dziko muno zidapangidwira ng'ombe: zili ndi mtengo umodzi pakati ndi goli lokhala pakhosi. Ng'ombe ili ndi linunda ndi khosi lolimba lotha kukankha goli. Bulu alibe linunda, ndipo mphamvu yake yokokera ili pachifuwa ndi m'mapewa. Akamangidwa m'goli la ng'ombe, kulemera kwa ngolo kumatsamira pakhosi, mtengo umadya khungu, ndipo pokwera chitunda chingwe chimamutsamwitsa. Akaima kuti apume, woyendetsa amaona ngati mwano ndipo amatukula chikwapu. Bulu mwachibadwa sathawa akaopsezedwa monga imachitira hatchi. Amaima chilili, choncho zikoti zikamachuluka m'pamenenso amaumirira.

Mankhwala ake si okwera mtengo. Lamba wotambalala wodutsa pachifuwa, wosokedwa ndi chinsalu cholimba kapena lamba wakale wa makina n'kukutidwa ndi nsalu yofewa, amasamutsa mphamvu yokoka kuchoka pakhosi. Kampando kakang'ono ka pamsana kamanyamula kulemera kwa mtengo wa ngolo, ndipo lamba wina wodutsa kumbuyo kwa ntchafu amathandiza kuti ngolo isagunde miyendo potsetsereka. Katundu ayenera kuikidwa molingana pamwamba pa matayala, osati kutsogolo, ndipo matayalawo akhale opopa bwino. Amene waona chiweto chili ndi mabala a chikwapu kapena a goli akhoza kukanena kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lake, kwa mfumu, kapena kupolisi, amene ali ndi mphamvu yotsegula mlandu pansi pa mutu 66:01.